Manda Asanu ndi Mkristu Mmodzi

Mau amene analankhula mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi pa msonkhano wa Yubile

 Ine sindiri munthu wa maphunziro akuya. Nchito yanga ndiyo kuphunzitsa ana a kumudzi kulemba ndi kuwerengera. Koma popeza akuru anandiuza kuti ndiime pano, ndaima, ndipo mundipirire pang'ono.

Tsiku la Yubile ndilo tsiku lowerenga zokoma. Kuyambira m'mawa tamva za masukulu, za nyumba za Mulungu zanjerwa, za unyinji wa obatizidwa, ndipo kutero nkoyenera. Koma ndiona coopsya cimodzi. Ana athu akamva zokoma zokhazokha adzayesa kuti Mau a Mulungu analowa m'dziko lino monga madzi alowa m'dimba, osakomana ndi mwala. Ndipo tsiku lakuwagwera tsoka adzati, Mulungu anali ndi makolo athu, koma ife watisiya. Cifukwa cace ndifuna kukukumbutsani za zaka zija pamene nchito yonse inaoneka ngati yafa, ndi kufunsa cimene cinawagwiriziza anthu aja pamene panalibe cooneka ndi maso cakuwalimbitsa mtima.

Oyamba kufika anali Bishopu Mackenzie ndi anzace, amene Dr. Livingstone anawaperekeza ku Magomero m'caka ca 1861. Anayamba ndi akapolo amene anawamasula m'magoli panjira. Sicinathe caka, Bishopu anatsikira ku mathiriro a Ruo, bwato linagubuduka usiku, mankhwala a malungo namira m'madzi, ndipo iye anamwalira pa 31 January 1862. Anzace anasamukira kwa Chibisa ku Shire, kumene njala ndi nkhondo zinatha anthu, mitembo niyandama m'mtsinje. Ena a iwo anamwalira komweko, ndipo pofika 1864 misyoni yonse inali itacoka kunka ku Zanzibar. Munthu wakuima pa Magomero caka cimeneco akadati, Zatha.

Zitapita zaka khumi ndi cimodzi anadza ena ocokera ku Scotland, wowatsogolera E. D. Young, ndi pakati pao dotolo wacinyamata, Robert Laws, wa zaka 24. Anadza ndi sitima yacitsulo dzina lace Ilala, nakwera nayo Zambezi ndi Shire kufikira pa mathithi. Inu amene munaona madzi a pa Kapichira mudziwa kuti palibe ngarawa ingakwere pamenepo. Tsono anaimasula sitimayo cidutswa cidutswa, ndipo mafumu a Makololo anaitana anthu, nadza amtengatenga ngati 800. Taganizani, abale, za ulendo umenewo: mtunda wa mamailosi ngati 60, nyengo ya dzuwa lamphamvu, pamene citsulo cikakhala padzuwa sicigwirika ndi manja, njira ya miyala ndi zigwembe, malipiro ace nsaru. Munthu ali yense anasenza cace, wina cipande ca citsulo, wina bokosi la misomali, wosadziwa kuti cinthu cimeneci cikalumikizana bwanji ndi ca mnzace. Akadataya mmodzi yekha katundu wace m'chire, kapena kuthawa naye kukasulitsa makasu, sitima sikadayenda. Koma pakufika kumtunda anawerenga zonse, napeza kuti sicinasowe kanthu. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'Nyanja.

Mabuku achula maina a azungu, koma za makolo athu aja angochula ciwerengero. Ine ndiwakonda anthu amenewo, ndipo ndikamaphunzitsa ana ndiwachula kawiri kawiri, pakuti sanali Akristu, sanamve konse za Yesu, koma Mulungu anasenzetsa nchito yace pamitu pao. Pamene tigwa m'bvuto timayang'ana thandizo ku mbali imene tiidziwa, ndipo tikaona kuti kumeneko kuli zii, titi palibe thandizo; tiiwala kuti Iye ali nao anchito ambiri amene ife sitinawawerenge.

Koma musayese kuti atapambana mathithi anapumula. Anamanga pa Cape Maclear, malo okoma m'maso, a mcenga woyera ndi doko labwino; cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Nthenda zinayamba kuwatola mmodzi mmodzi. M'caka ca 1877 anamwalira Dr. William Black, ndi Shadrach Ngunana, mphunzitsi wacikuda wocokera ku Lovedale, ndi John Mackay. M'caka ca 1880 anatsatira ena awiri, George Benzie woyendetsa sitima ndi John Gunn. Akapolo anali kuolotsedwabe pa Nyanja masiku onse, mafumu ozungulira anali pa malonda amenewo, ndipo obwera ku misyoni ambiri anali othawa, ofuna pobisala. Zitatha zaka zisanu ndi miyezi, pa 27 March 1881, Dr. Laws anabatiza munthu woyamba, Albert Namalambe. Caka comweco anasiya malowo nasamukira ku Bandawe. Ndipo anthu owerengera anawerenga cotere: manda asanu, ndarama zambiri zopita, nyumba zosiyidwa, ndi Mkristu mmodzi.

Pano mpamene ndifuna tikhalitse, pakuti pali ciphunzitso cina cimene cafala masiku ano, cakuti munthu wokhulupirira Mulungu koona sadwala, sasauka, saika mwana m'manda. Ndipo akadwala, ndiye kuti cikhulupiriro cace ncocepa, kapena ali ndi chimo lobisika, kapena sanapereke cokwanira. Ndifunsa, kodi Shadrach Ngunana, amene anasiya kwao ali mnyamata kudzaphunzitsa ana a eni ace, anali wocepa cikhulupiriro koposa Dr. Laws, amene anakhala m'dziko lino kufikira 1927? Onse awiri anagwada pa mphasa imodzi, napemphera kwa Mulungu mmodzi. Wina anapatsidwa caka cimodzi, wina zaka 52.

Alaliki, tsegulani Macitidwe a Atumwi mutu 12, muwerenge bwino. M'mutu umodzi womwewo mfumu Herode anapha Yakobo ndi lupanga, ndipo Petro anaturutsidwa m'ndende ndi mngelo. Ife tikonda kulalikira za Petro, za maunyolo akugwa ndi citseko cakutseguka cokha, ndipo za Yakobo tilumpha msanga ngati pali minga. Koma m'mpingo mwanu Lamulungu liri lonse akhalamo a kwa Petro ndi a kwa Yakobo. Ndipo mukalalikira za Petro yekha, mai uja wa kwa Yakobo apita kwao ndi katundu woposa amene anadza naye. Kumbukiraninso anyamata atatu aja a ku Babulo, m'buku la Danieli. Anauza mfumu kuti Mulungu wao ali nayo mphamvu yakuwalanditsa m'ng'anjo. Koma anaonjeza kuti angakhale asawalanditse, fanolo sadzaligwadira. Mau aciwiriwo ndiwo mtima wace wa nkhani yonse. Sanacite malonda ndi Mulungu, monga munthu apereka mbuzi kwa sing'anga ndi kuyembekeza kucira. Anamdziwa Iye kuti ali yani, nakhazikika pomwepo, moto usanawaonetse cimene cidzacitika.

Ndipo ife tiri naco cifukwa coposa cao. Pakuti Mwana wa Mulungu mwini anapempha m'munda wa Getsemane kuti cikho cimpitirire, ndipo sicinampitirira, anamwa conse. Amene anayenda njira imeneyo naturuka m'manda tsiku lacitatu ndiye amene atiuza kuti timkhulupirire. Sali ngati kapitao wokhala pamthunzi ndi kupfuulira anchito ali padzuwa.

Tsono ndinenenso mbali yina, kuti ndingamveke ngati nditi tikhale pansi ndi kupinda manja. Anthu aja a pa Cape Maclear sanadziwe kuti malungo adza ndi udzudzu, pakuti cimeneci cinadziwika m'caka ca 1897. Iwo anayesa kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Koma ataona manda akucuruka sanati, Tikhale pompano tife tonse, kuti tioneke okhulupirika. Ananyamuka kunka ku Bandawe, ndipo pamene Bandawe anawabvutanso anakwera phiri kunka ku Khondowe m'caka ca 1894. Kusamuka kumeneko sikunali kucepa kwa cikhulupiriro. Ndipo za Bishopu Mackenzie, ngakhale ndimlemekeza kwambiri, ndiganiza kuti mankhwala atamira kukadakhala bwino kubwerera kukatenga ena. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Cifukwa cace mlaliki amene auza mai kuti asapite ndi mwana ku cipatala, kapena auza wodwala kuti ataye mankhwala ace popeza wapemphereredwa, ameneyo sali kuphunzitsa cikhulupiriro, ali kuyesa Mulungu. Ndipo akuru a Mpingo ayenera kumuitana ndi kumlangiza asanaphetse munthu. Gonani m'masikito, limani msanga, sungani cimanga m'nkhokwe, ndipo pempherani.

Mwa anyamata anai amene anadza kucokera ku Lovedale m'caka ca 1876 munalinso William Koyi, wa mtundu wa Axhosa. Iyeyu podzipereka anadziyesa yekha munthu wa theka la talente, nati alola angakhale nchito yace ikhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi. Popeza cinenero cace cinafanana ndi Cingoni, anamtuma kwa Angoni a M'mbelwa, amene masiku amenewo anali kuthira nkhondo Atonga caka ndi caka. Anakhala pa Njuyu kuyambira 1882. Mafumu anamlola kukhala, koma sukulu anaikaniza, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka nthungo. Zaka zinai munthu wa Mulungu anakhala pakati pa anthu amene akadamupha tsiku liri lonse, wopanda sukulu yooneka, wopanda wobatizidwa, nangoyankha mofatsa ndi kupirira zonyoza. Ife aphunzitsi, ana akajomba sabata limodzi cifukwa ca kukolola, mitima yathu igwa. Iyeyu zaka zinai. M'caka ca 1886, kutacita cirala, amisyoni anapempherera mvula, nigwa, ndipo mafumu anabvomera masukulu. Mau amenewa anampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa, ndipo anamwalira caka comweco. Akuru anati, sunga khosi, mkanda uoneka. Iyeyu anauona mkandawo uli m'manja mwa ena, nakondwera.

Nanga Magomero uja tinati watha? Mwa ana omasulidwa m'magoli masiku aja munali mnyamata Tom Bokwito, amene pambuyo pace anaphunzira ku Lovedale. Ndiye amene anayenda ndi Henry Henderson monga womasulira pofuna malo, kufikira anapeza pamene anamanga misyoni ya Blantyre m'caka ca 1876. A mpingo wa Bishopu uja anabwera ku Nyanja, nakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885. Ndipo kucokera ku Bandawe, A. C. Murray anayenda nafika kwa Chiwere, nayamba Mvera pamodzi ndi T. C. B. Vlok m'caka ca 1889. Ndipo m'caka ca 1922 Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa m'cinenero cathu. Amene agona m'manda asanu aja sanaone cimodzi ca izi.

Mathithi athu a lero ndi ena. Akulu ena pano akumbukira njala ya 1949, ambiri tikumbukira ya 2002, pamene anthu anadya mizu ndi gaga. M'mwezi wa March 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope natsikira pa Chilobwe usiku, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakokoloka ndi anthu ace. Ena sanapezeke kufikira lero, ndipo abale ao analira maliro opanda mtembo. Ndi mabvuto ena osalembedwa m'nyuzipepala: mwana amene anatha sukulu nakhala zaka wopanda nchito, mwamuna amene anapita ku Joni naleka kutumiza mau, nthenda imene madotolo anena kuti apa talephera.

Inu alaliki ndinu amene mufika m'nyumba zotere, pakuti mbusa ali mmodzi ndipo midzi ndi yambiri. Ndikupemphani, musafulumire kumasulira cifukwa cace ca tsoka la munthu. Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku asanu ndi awiri pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Anayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa. Musalonjeze m'dzina la Mulungu cimene Iye sanalonjeze, kuti mawa zonse zidzakoma. Khalani naye wolirayo, muwerenge naye Salmo, ndipo mukabwerera muuze amai a Mpingo kuti m'nyumba muja mulibe ufa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo akakufunsani kuti Mulungu anali kuti, musacite manyazi kukhala cete pang'ono, ndi kumlozera kwa Yesu wopacikidwa, amene anafunsa funso lomwelo pamtanda.

Ena a inu mukhala m'midzi ya kutali, kumene Lamulungu asonkhana anthu khumi, ndipo mwalalikira zaka zambiri osaona kusinthika. Ndadziwa kuti alipo pano amene afuna kutula nchito ikatha Yubile iyi. Musanatero, kumbukirani Albert Namalambe. Pamene anzace onse anakwera Ilala kunka ku Bandawe, nchito ya pa Cape Maclear anaisiya m'manja mwace, iye amene anali atabatizidwa miyezi yowerengeka yokha. Sitima inazimirira kumpoto, ndipo iye anabwerera ku nyumba zija zosiyidwa, pafupi ndi manda asanu, naphunzitsabe ana ndi kusonkhanitsa anthu ku mapemphero.