Kuwerenga Maliro mu Msasa wa Othawa Nkhondo

Maliro akagwa ku Chikamveka mu mzinda wa Zomba, sipafunika kalembera kuti anthu adziwe. Uthenga umapita kwa mfumu, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo pofika masana aliyense amadziwa dzina la malemu ndi nthenda imene yawatenga. Koma mu msasa wa anthu othawa nkhondo, m'mene anthu zikwizikwi osadziwana amagona moyandikana, ana khumi angathe kuikidwa m'sabata imodzi popanda wozindikira kuti mliri wabuka.

Dziko la Malawi linaphunzira zimenezi pamene abale athu a ku Mozambique anayamba kulowa mwaunyinji m'chaka cha 1986. Pofika 1992 chiwerengero chawo chinali chitafika pa miliyoni imodzi, ambiri ali ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Unduna wa Zaumoyo, bungwe la UNHCR ndi madokotala a Médecins Sans Frontières anayenera kudziwa kuti tsiku lililonse akumwalira anthu angati, a misinkhu yanji, ndiponso ndi nthenda yanji.

Muyeso umene akatswiri amatsata ndi wosavuta. Imfa zikapitirira munthu mmodzi pa anthu 10,000 alionse patsiku, ndiye kuti zinthu zafika poopsa. Kwa ana osakwana zaka zisanu malire ake ndi awiri. Motero msasa wa anthu 20,000 ukamaika maliro atatu tsiku ndi tsiku, thandizo liyenera kufika msanga.

Chovuta ndi kupeza chiwerengero choona. Ambiri amafera m'zisakasa, osati kuchipatala. Ndiponso banja likaulula maliro, chakudya cha malemu chimachotsedwa pa khadi. Mayi amene ana ake akugona ndi njala tingamdzudzule bwanji akakhala chete? Chifukwa chake m'misasa yambiri amaika mlonda kumanda woti aziwerenga mitumbira yatsopano, kapena amapereka nsalu ya maliro kwaulere kuti wodzaitenga atchule msinkhu wa malemu ndi matenda ake. Ena amayenda khomo ndi khomo kufunsa mwaulemu. Chiwerengero cha amoyo nacho chiyenera kukhala cholondola, pakuti chikakwezedwa, imfa zimaoneka ngati zochepa.

Kaundula wa imfa ndi matenda anaulula adani enieni: chikuku, kutsegula m'mimba, malungo ndi kuperewera kwa chakudya. M'chaka cha 1990 kolera anabuka mu msasa wa Nyamithuthu ku Nsanje, ndipo odwala pafupifupi 2,000 anagonekedwa. Chaka chomwecho anthu oposa 17,000 anadwala nthenda ya pellagra, imene imakakalitsa khungu, chifukwa mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa ndipo anthu anadalira kwambiri chimanga. Manambala amenewa ndiwo anasonyeza kumene kunafunika katemera, madzi abwino ndi chakudya chowonjezera.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 ambiri anali atabwerera kwawo. Komabe alendo sanathe: msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, kulandira othawa ku Rwanda, Burundi ndi Congo.

Kuwerenga mitumbira ndi ntchito yomvetsa chisoni, ndipo malemu sikuwadzutsa. Phindu lake lili pa mwana amene akali moyo m'chisakasa choyandikana, amene angalandire katemera mawa chifukwa wina analemba zoona lero.