Zimene Mapepala a ku Zomba Amanena za Madambo Athu
(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera, m'boma la Mchinji)



Ku Zomba kuli nyumba yosungiramo zomera zouma, ya bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987. Mulibe mbewu zodzala m'nyumbamo. Muli makabati odzaza ndi mapepala olimba, ndipo papepala lililonse anamatapo chomera chimodzi, masamba ndi maluwa ake omwe. Wotola amachipanikiza pakati pa manyuzipepala ndi matabwa mpaka chiume, kenako amalemba kakalata: dzina lake, tsiku, malo, ngati munali m'dambo kapena m'phiri, ndiponso mtundu wa duwa, poti duwa likauma limafwifwa. Zomera zina zotoledwa pamodzi amazitumiza kunja, monga ku Kew, ku London.

Kakalata kameneka ndi mboni. Zotoledwa kuno m'nthawi ya atsamunda zinalembedwa kuti Fort Manning, dzina lakale la Mchinji. Munthu atha kutenga pepala lotere lero, kupita pamalo otchulidwawo, n'kuona ngati chomeracho chikadalipo kapena pali munda wa fodya.

Ndikambe za chikanda, chimene ena amati chinaka. Amayi mukuchidziwa bwino kuposa ine: kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo, kuphika mpaka chilimbe. Akatswiri amati chimachokera ku zomera za m'magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria, zimene zimachita maluwa m'madambo nthawi ya dzinja. Mphamvu yonse ya chaka chamawa imakhala mu kachinthu kozungulira ka pansi kamene timakumba kaja. Mukakachotsa, chomera chatha. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda thandizo la nkhungu ina ya m'nthaka, n'chifukwa chake simungazifese ngati mpiru. Msika wa chikanda ndi waukulu, makamaka ku Zambia, ndipo ife tili pamalire penipeni. Sindikudzudzula wokumba aliyense. Ndalama ya chikanda yalipirira ana ambiri sukulu. Koma funsani agogo kumene ankakumba ali atsikana, muyerekeze ndi mtunda umene mumayenda lero.

Mapepala a ku Zomba aja ali ndi chilema chimodzi. Dzina la Chilatini limakhalapo, koma kawirikawiri dzina lathu palibe, ngakhalenso ntchito ya chomeracho. Otola ambiri ankadutsa mumsewu, osakhalitsa m'mudzi. Amene amadziwa kusiyanitsa denje ndi chewe, kapena chikanda chokoma ndi chachabechabe, ndi inu.

Pempho langa kwa mafumu ndi ili: mvula isanagwe, mudzi uliwonse ulembe mayina a madambo ake odyetsa mtsinje wa Bua ndi ena, ndi zomera zimene anthu amatolamo, m'kope la komiti ya mudzi. Akatswiri akadzafika, muwapatse munthu wachikulire woyenda nawo, ndipo muwauze kuti dzina lathu lilembedwe pakakalata paja. Ndipo pogawa madimba chaka chino, mugwirizane mbali ya dambo imene khasu silidzafikako.