Malimu Atsopano pa Galimoto Yakale

M'tauni ya Abingdon, pafupi ndi mzinda wa Oxford ku Mangalande, mudali fakitale imene inkapanga galimoto yaing'ono yaliwiro yotchedwa MGB. Yoyamba idatuluka m'chaka cha 1962, ndipo yomaliza idatuluka m'mwezi wa October 1980, pamene fakitaleyo idatsekedwa. M'zaka 18 zimenezo amisiri a kumeneko adapanga galimoto zamtunduwu zoposa theka la miliyoni, zambiri mwa izo n'kuzitumiza ku America. Idali galimoto ya mipando iwiri, yaifupi msinkhu, ya denga lansalu lopinda, ndipo m'chaka cha 1965 kudabwera mng'ono wake wa denga lachitsulo, MGB GT. Zikwizikwi zikuyendabe m'manja mwa anthu amene amazisamala ngati mwana wobadwa yekha.

Tsono munthu wosunga galimoto yotere limamufikira tsiku loti agule malimu atsopano. Mwina akale adadyeka ndi dzimbiri, mwina masipoko adakhwepa, mwinanso mtima wangokhumbira malimu onyezimira a mtundu wa Minilite, a nthambi 8 aja amene ankaoneka pa galimoto za mpikisano m'zaka za m'ma 1960. Kugula malimu sikuvuta. Chovuta ndi funso limene wogulitsa matayala amafunsa pambuyo pake, loti avekepo matayala a saizi yanji. Yankho lolakwa limataya ndalama za matayala asanu, limakanda madigadi, ndipo limatha kusandutsa galimoto yomvera dzanja kukhala yamakani pokhota, pamene m'katimo muli miyoyo ya anthu awiri.

MGB yoyamba idatuluka ndi matayala a 5.60-14, a mtundu wakale umene nsalu zake zam'kati zimapingasana mopendekera. Mtundu wa radial, umene kampani ya Michelin ya ku France idalembetsa m'chaka cha 1946, udalowa m'malo mwake pang'onopang'ono: 155-14 pa galimoto ya denga lansalu ndi 165-14 pa GT. Malimu onse adali a mainchi 14, ndipo m'lifupi mwake adali pakati pa mainchi 4 ndi 5 malinga ndi chaka ndiponso mtundu. Kwa maso a lero matayala amenewa ndi oonda ngati a wilibala, ndipo apa ndi pamene mayesero amayambira.

Manambala olembedwa m'nthiti mwa tayala ali ndi tanthauzo lomveka. Pa tayala la 165/80 R14, nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ndi kutalika kwa nthiti zake poyerekeza ndi m'lifupimo, magawo 80 pa 100 alionse, ndiye kuti mamilimita 132. Yomaliza ndi kukula kwa limu m'mainchi. Matayala akale sankalemba nambala yapakatiyo, chifukwa pafupifupi onse adali a 80 kapena kupitirira pang'ono. Mainchi 14 ndi mamilimita 356, ndipo nthiti zilipo pamwamba ndi pansi pomwe, motero msinkhu wa gudumu lonse, kuchokera pa phula kufika pamwamba, ndi mamilimita 620.

Nambala imeneyi, 620, ndiyo yoyenera kulemba pa kapepala popita kusitolo. Magiya, sipidomita ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, zonsezi zimatsamira pa msinkhu wa gudumu. Sipidomita ya MGB siona msewu: imangowerenga kuzungulira kwa kachingwe kochokera ku bokosi la magiya. Chitsanzo ndi tayala la 185/60 R14, limene lidafala pa galimoto zazing'ono za m'ma 1980 ndi 1990. Limalowa bwino lomwe pa limu ya mainchi 14 ndipo limaoneka lonenepa, koma msinkhu wake ndi mamilimita 578 okha, kuchepa ndi magawo 7 pa 100. Singano ikaloza makilomita 100 pa ola, galimoto imakhala ikuyenda pafupifupi 93. Injini imene inkazungulira ka 3,500 pa mphindi iyenera tsopano kuzungulira ka 3,750 kuti ifike pa liwiro lomwelo, kukuwa ndi kumwa mafuta pachabe. Ndipo galimoto yonse imatsika ndi mamilimita 21, chonsecho paipi ya utsi ya MGB idayandikana kale ndi nthaka.

Matayala osunga msinkhu alipo. La 185/70 R14 limakwana mamilimita 615. Amene wagula malimu a mainchi 15 ali ndi 185/65 R15, la mamilimita 621, kapena 195/60 R15, la 615. Pa masamu okha onsewa akhoza mayeso. Koma masamu a msinkhu sanena kanthu za m'lifupi, ndipo m'lifupi ndimo muli mlandu waukulu.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti tayala likakula m'lifupi ndiye kuti mphira wochuluka wagunda msewu. Zoona zake n'zakuti kukula kwa kamalo kamene tayala limapondapo kumadalira kwambiri kulemera kwa galimoto ndi mpweya wa m'tayalamo. MGB imalemera pafupifupi tani imodzi, ivale tayala loonda kapena lonenepa. Chimene chimasintha kwambiri ndi maonekedwe a phazilo: la tayala loonda ndi lalitali chamtsogolo, la tayala lonenepa ndi lalifupi koma lotambalala. Pa phula louma ndi losalala phazi lotambalala limagwiradi kwambiri, zimenezo palibe angakane. Koma galimoto ya 1962 siidapangidwire phazi lotere. Ikamakhota mwaliwiro thupi lake limapendekera kunja, ndipo magudumu akutsogolo amapendekera nalo limodzi. Matayala a nthawi imeneyo adali ndi mapewa obulungira, kotero kuti popendekeka ankangogudubuzikira pa phewa, osataya msewu. Akayamba kutsetsereka ankayamba pang'onopang'ono, woyendetsa n'kumva m'manja ndi m'chiuno, n'kukhala ndi mpata wokonza. Tayala lonenepa lamakono lili ndi mapewa akuthwa, chifukwa lidapangidwira galimoto imene imasunga gudumu chilili. Pa galimoto yakale limagwira, limagwirabe, kenaka mbali yam'kati imanyamuka ndipo limataya msewu mwadzidzidzi, pa liwiro lalikulu kuposa lija limene tayala loonda likadachenjezerapo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Palinso za manja. Chiwongolero cha MGB chilibe makina othandiza kupotokola: mphamvu yonse imachokera m'mikono. Ndi matayala a 165 chimalemera poimika galimoto koma chimapepuka ikangoyamba kuyenda. Ndi a 195 kuimika galimoto pamalo opanikiza kumasanduka ntchito yotulutsa thukuta, ndipo pa msewu wokumbika matayala amayamba kulondola ming'alu ndi mikwasa ya malole mwa okha. Mabering'i ndi zitsulo zolumikiza magudumu akutsogolo zimasenza katundu amene sizidalonjezedwe. Nthiti zazifupi nazo zili ndi mtengo wake. Kumbuyo kwa MGB kuli ekiselo imodzi yolimba yokhala pa masipuling'i amasamba, ndipo mbali ya kufewa kwa galimotoyo imachokera m'nthiti za tayala. Kuchoka pa mamilimita 132 kufika pa 117, monga zilili ndi 195/60 R15, dzenje lililonse limafika kumsana.

Opanga galimoto eni ake adaonetsa njira. M'chaka cha 1973 kampani ya MG idaika injini ya Rover ya V8, ya malita 3.5, mu MGB GT. Injiniyo idali pafupifupi kawiri kukula kwake kuposa ija ya 1798 cc, ndipo galimoto inkafika makilomita 200 pa ola. Nanga matayala? Adangowonjezera mamilimita 10, kuchoka pa 165 kufika pa 175. A Jaguar nawo, pamene adaveka E-Type matayala otambalala m'chaka cha 1971, sadangoveka n'kusiya: adakulitsa madigadi ndi kuika makina othandiza chiwongolero. Mwini galimoto amene akufuna matayala otambalala popanda kusintha zina zonsezo akutenga theka la mankhwala.

Kwa MGB wamba, 165/80 R14 ndilo tayala limene limasunga khalidwe la galimotoyo, ndipo makampani a Michelin ndi Pirelli amapangabe matayala a mapewa obulungira m'masaizi akalewa, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Amene mtima wake sungapume popanda kunenepetsako angathe kufika pa 185/70 R14, bola limu ikhale ya mainchi 5 kapena 5.5 m'lifupi. Pa limu ya mainchi 4 tayala lotere limafinyika, nthiti n'kutupa ngati mimba ya chule, ndipo limagwedezeka pokhota.

Ngakhale saizi yololedwa iyenera kuyesedwa pa galimoto yeniyeniyo. Malimu amasiyana m'mene amakhalira pa habu, ena kulowera m'kati, ena kutulukira kunja. Komanso ekiselo yakumbuyo ya MGB ya malimu a masipoko ndi yaifupi kuposa ya malimu achitsulo, motero amene akusintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake apeza magudumu atasuntha malo. Pa galimoto zambiri mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi sufanana kumanzere ndi kumanja. Mmisiri wosamala amayeza mbali zonse ziwiri, m'galimoto muli anthu awiri ndi katundu, chifukwa tayala limene silikhudza galimoto ili chiimire limatha kukhula mkombero wa madigadi ikapendekera.

Aliyense amene adamatapo chubu cha njinga amadziwa kuti limu ya masipoko siisunga mpweya payokha. N'chimodzimodzi ndi malimu ambiri a masipoko a galimoto: amafuna machubu. Opanga matayala amaletsa kuika machubu m'matayala a nthiti zazifupi, otsika kuposa 70, chifukwa chubu chimapindika ndi kutentha m'menemo mpaka kuphulika. Choncho kwa amene wasankha masipoko, nkhani ya matayala a 65 ndi 60 yathera pomwepo.

Chilembo cha liwiro sichivuta. S amalola makilomita 180 pa ola, T 190, H 210, ndipo MGB wamba siipitirira kwenikweni 170. Chimene chimapusitsa eni galimoto zakale ndi zaka. Galimoto yotuluka Lamulungu lokha siimaliza mizere ya matayala, koma mphira umauma ndi kulimba ngakhale tayala likuoneka latsopano. Kuyambira m'chaka cha 2000 tayala lililonse lili ndi manambala anayi osonyeza pamene lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala lisapitirire zaka 10, mizere ikhalepo kapena ayi. Masaizi osowa amakhalitsa m'sitolo, motero manambalawa ayenera kuwerengedwa ndalama zisanatuluke m'thumba.

Latsala ndi gudumu lachisanu, la sipeya, limene limagona m'buti. Ambiri amagula malimu anayi n'kusiya lakale lachitsulo kuti likhale lodikira ngozi. Zimatheka ngati msinkhu wake ukufanana ndi wa anzake. Koma kawirikawiri manati a malimu a aluminiyamu sagwira limu yachitsulo, choncho manati anayi akale aja ayenera kukulungidwa m'kansalu ndi kuikidwa pambali pa jeke.