Khanda Lobadwa ndi Mano

Mwana akabadwa, azamba amayang'ana mchombo, zala ndi maso. M'kamwa sayembekezamo kanthu, pakuti mano amayamba kumera mwana akafika miyezi 6 kapena kuposerapo. Koma nthawi zina mayi poyamwitsa tsiku loyamba amamva kanthu kolimba kakumukanda bere, ndipo ntchembere zikasuzumira m'kamwa mwa khandalo zimapeza kadzino pa nkhama ya m'munsi. Pamenepo m'chikuta mumangoti zii, ena n'kuyamba kunong'onezana za malodza.

Izi sizichitika kawirikawiri, komanso si zachilendo kwa madokotala. Amawerengera kuti mwa ana 2,000 kapena 3,000 obadwa, mmodzi amabadwa ndi dzino, ndipo alipo ena amene dzino limawatulukira mwezi woyamba usanathe. Kambiri amakhala mano apakati a kutsogolo, a m'munsi, limodzi kapena awiri.

Anthu akhala akudabwa nazo kuyambira kale. Pliny, mlembi wa ku Roma amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba kuti mtsogoleri wa nkhondo Manius Curius anapatsidwa dzina la Dentatus chifukwa anabadwa ndi mano. Koma mwana wamkazi akabadwa chotero, Aroma akale ankati ndi tsoka. Dzino lomwelo, kwa mnyamata ulemu, kwa mtsikana tsoka! Apa pokha pakuonetsa kuti matanthauzo amenewa anachokera m'mitu ya anthu, osati m'kamwa mwa mwana.

Tsono dzino lotere limachokera kuti? Mano a munthu amayamba kuumbika mayi ali ndi pakati pa milungu 6 yokha, kotero kuti khanda lililonse limabadwa ndi mano oyamba 20 obisika m'nkhama. Likaumbikira pafupi ndi pamwamba, dzino limatuluka nthawi yake isanakwane. Mwa mano 10 otere, pafupifupi 9 ndi mano enieni a mwanayo amene angofulumira, si owonjezera ayi. M'mabanja ena zimayenda m'magazi: akafunsidwa bwino agogo, amakumbukira wina wa pamtundu amene anabadwa chimodzimodzi.

Vuto lake lili ku mzu. Popeza latuluka msanga, dzinolo limakhala ndi mzu waufupi kapena lopanda mzu n'komwe, ndipo limagwedera. Likagwedera kwambiri pamakhala mantha akuti lingaguluke mwana n'kutsamwa nalo. Nsonga yake ikakhala yakuthwa imapala kunsi kwa lilime poyamwa mpaka kutulutsa chilonda, chimene madokotala amachitchula ndi maina a Riga ndi Fede, madokotala a ku Italy amene anachifotokoza m'zaka za 1881 ndi 1890. Mwana wa chilonda chotere amakana bere, amalira usiku wonse, ndipo pa sikelo sakwera. Mayi naye nsonga za mawere zikhoza kuchita zilonda, n'kuyamba kuopa kuyamwitsa.

Choopsa koposa, komabe, ndi kuzula dzinolo kunyumba. Lezala, singano kapena waya zimalowetsa tizilombo m'thupi la khanda, ngakhale ta kafumbata. Ndiponso m'masiku oyamba magazi a mwana sagwirana msanga kaamba ka kuchepa kwa vitamini K, kotero bala laling'ono pa nkhama likhoza kukha magazi osaleka. N'chifukwa chake dokotala asanazule amayamba wafunsa ngati khandalo linabayidwa jekeseni wa vitamini ameneyu. Ngati silinabayidwe amalibaya kaye, kapena kudikira kuti masiku 10 apite.

Kuchipatala sathamangira kuzula. Dzino likakhala lolimba ndipo mwana akuyamwa bwino, amalisiya, ndipo mzu umanka nukula. Mayi amangolipukuta ndi kansalu koyera konyowa ndi kuyang'ana kunsi kwa lilime tsiku ndi tsiku. Likakhala lakuthwa, dokotala wa mano amasalaza nsonga yake. Mawere akapweteka, anamwino amaonetsa mayi kagwiridwe kena ka mwana, kapena kufinyira mkaka m'kapu yoyera kwa masiku angapo. Amazula lokhalo logwedera kwambiri, lowonjezera, kapena limene chilonda chake chakana kupola. Akazula dzino loyamba, pamalopo pamakhala gweru kufikira mwana atafika zaka 6 kapena 7, pamene dzino lachikulu limamera monga mwa ana anzake onse.