Mawu a mlendo wolemekezeka pa mpikisano wa alakatuli a m'sukulu za sekondale

 

Ndatchera khutu kuyambira m'mawa, ndipo ndili ndi pempho limodzi kwa amene mukukonzekera mayeso a MSCE. Akakupatsani ndakatulo kuti muizukute, yambani mwailakatula mokweza. Cholembera chidikire.

Ambiri mumathamangira kumathero a mizere kukasaka maliwu ofanana, mukawapeza n'kuwomba m'manja. Pepani, m'Chichewa zimenezo n'zotchipa. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndipo malembowo alipo 5 okha. Aneni ochuluka amathera pa a: kulima, kupalira, kukolola, kudya. Mwana wa Sitandade 4 angathe kundandalika mizere makumi awiri yothera pa a thukuta osatuluka. Kwa Angerezi zinthu n'zina. Shakespeare ankaumba soneti ya mizere 14, mzere uliwonse maphatikizo 10, kwina kutsindika kwina kupepuza, chifukwa chiyankhulo chawo chimayenda motero. Muyeso umenewo mukauika pa ndakatulo ya a Chadza kapena ya a Wokomaatani Malunga mudzaida popanda chifukwa.

Kugunda kwa ndakatulo yathu kuli pena. Mvetserani mmene timakokera phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikafika popumira. Mlakatuli waluso amadula mzere pomwepo kuti mpweya ndi ganizo zithere limodzi. Mvetseraninso amayi awiri akusinja pamtondo umodzi: munsi wina ukukwera, wina ukutsika, nyimbo ikugwera pamene munsi wagwera. Chibwereza cha mawu chimagwira ntchito yomweyo. Ndiye pali mvekero. Munthu wogwa kuti khu! ndi mvula yogwa kuti waa, zonse zagwa, koma khutu lamva kulemera kosiyana. Woyankha mayeso amene walemba kuti "apa pali mvekero" n'kulekera pomwepo wangotchula dzina la chipangizo. Tiuzeni chimene mvekerowo wachita m'ndimeyo, ndi chimene chikanasowa ukanachotsedwa.

Zifanifani nazo musaziyese zokometsera chabe. A Jack Mapanje atatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981 anabisa zambiri kuseri kwa bilimankhwe ndi zolengedwa zina, poti nthawi imeneyo kunena poyera kunali kudziputira. Olamula anaziwerenga bwino zifanifanizo, mwina kuposa ophunzira ena. Mu 1987 anawamanga a Mapanje n'kuwatsekera ku Mikuyu osaweruzidwa, ndipo anatuluka mu 1991.

Aziphunzitsi, ndikudziwa kuti nthawi imachepa ndipo makalasi ndi odzaza. Komabe patulani mphindi zisanu kuti mwana mmodzi aimirire, alakatule, anzake amve asanatsegule makope.

Tsopano wapampando, ndaona oweruza amaliza kuwonkhetsa malikisi, ndipo ana akhala akuyang'ana mphatso zili patebulozi. Aitaneni opambana abwere kutsogolo.