Achinyamata a M'malire Afunika Aphungu Owayendetsa

Mawu oyankhulidwa pamsonkhano wa makomiti a chitukuko ndi magulu a achinyamata m'boma la Mwanza



Mu Seputembala 2015, maiko a bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, adagwirizana zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Pa cholinga chachinayi, chokhudza maphunziro, pali mfundo yoti mwana aliyense aphunzire kukhala nzika ya dziko lonse lapansi: wodziwa ufulu wake ndi wa anzake, wokonda mtendere, wolemekeza chikhalidwe cha ena. Mawuwa angamveke ngati a m'maofesi a ku Lilongwe, koma kuno ku Mwanza ndi nkhani ya pakhomo.

Tili pachipata cha dziko. Tsidya lilo ndi Zobue. Msewu wathuwu umafika ku Tete, kudzera ku Nyamapanda ndi Harare mpaka ku Johannesburg. Mwana wogulitsa manachesi pabodala amamva Chipwitikizi, Chishona ndi Chingerezi dzuwa lisanafike pamutu. Ana athu akumana kale ndi dziko lapansi. Funso ndi lakuti, akukumana nalo ali ndi ndani?

Mbiri yathu ili ndi maphunziro awiri. Pankhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Malawi adasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi ya kuno idagawana nawo minda ndi zitsime. Mu 2016 anthu zikwizikwi ochokera m'chigawo cha Tete adafikiranso pa Kapise asanawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno. Pamenepo tidali olandira alendo. Koma mu 2008 ndi mu 2015, nzika zina za ku South Africa zitaukira alendo, tidaona mabasi akulowa pachipata chomwechi atanyamula ana a Amalawi, ambiri ali chimanjamanja. Pamenepo alendo tidali ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Achinyamata ambiri amene tili nawo lero sadaone zonsezi. Chimene akuona ndi mnzawo wosiya sukulu n'kuyamba kusintha ndalama pabodala, kapena wobwera ku Joni ndi foni yapamwamba. Saona amene adatsekeredwa chifukwa chosowa ziphaso, kapena mtsikana amene adalonjezedwa ntchito yapanyumba n'kukagulitsidwa. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu mu 2015, koma lamulo limagwira munthu choipa chitachitika kale. Chimene chimafika msanga ndi mawu a munthu wamkulu amene mwanayo amamukhulupirira.

Makolo athu adalidziwa bwino zimenezi. Namwali sankalowa m'tsimba yekha: ankakhala ndi phungu, munthu woti adayendapo kale njirayo, womugwira dzanja, womumasulira zimene anamkungwi akunena, womuyankhira pamene walakwa. Phungu wotere sakamba tsiku limodzi n'kumapita. Amayenda naye mwanayo mpaka atakhwima. Uphungu womwewo ndi umene tikufuna lero, kungoti njira yake yatalika, yadutsa malire.

Alendo otithandiza ntchitoyi si achilendo m'Malawi. Anthu odzipereka a Peace Corps ochokera ku America adayamba kubwera mu 1963, a ku Japan mu 1971, ndipo mu 2005 Malawi adasayina mgwirizano ndi Scotland umene walumikiza sukulu zambiri za maiko awiriwa. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona. Komanso mlendo ndi mame: akakhala zaka ziwiri amabwerera kwawo. Ngati palibe munthu wa m'mudzi amene ankagwira naye ntchito, gulu limene adayambitsa limatha ndege yake isanatere. Ndiponso ubale woona si wakuti wina azingopereka, wina azingolandira. Mwana wa ku Thambani ali ndi zoti aphunzitse mnzake wa ku Glasgow: kulumikiza mitengo ya zipatso, kulandira mlendo, kugawana zochepa.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, komiti ya chitukuko ya dera lililonse, pamodzi ndi mafumu, isankhe aphungu a achinyamata, amuna ndi akazi, a mbiri yabwino. Tili nawo: aphunzitsi opuma, amayi ochita malonda odutsa malire, madalaivala, ndi abale athu amene adakhalako ku South Africa ndipo angathe kunena zoona zake mosabisa.

Chachiwiri, phungu aliyense akhale ndi achinyamata owerengeka oti azikumana nawo kawirikawiri, poyera, makolo akudziwa. Maina a aphungu apite ku ofesi ya achinyamata ndi ya zachisamaliro cha anthu, kuti pasapezeke fisi wovala chikopa cha mbusa pakati pa ana athu.

Chachitatu, zokambirana zikhale zogwirika: katengedwe ka pasipoti, kuopsa kodutsa njira zachidule, ufulu wa wantchito kudziko la eni, ndi Chipwitikizi chokwanira kuchitira malonda. Wachinyamata wodziwa zilankhulo ziwiri pamalire ano ali kale ndi luso lodyera.

Chachinayi, khonsolo ikambirane ndi anzathu a ku Zobue kuti magulu a achinyamata azichezerana, pa mpira ndi pa kubzala mitengo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sadaime pachipata kuonetsa chiphaso. Nkhalango zikatha tsidya lina, mitsinje imauma mbali zonse.

Kwa inu achinyamata: sitikukuletsani kuyenda. Yendani, koma muyende ndi chiphaso m'thumba, luso m'manja, ndi munthu kumudzi wodziwa kumene muli. Kwa inu makolo ndi mafumu: mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamsonkhano wotsatira wa komiti ya dera lanu, nkhani ya aphungu ikhale pamndandanda, ndipo maina atuluke.