MAWOTCHI A KU JONI

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale ku Chiponde



Ena mumandiseka kuti ndimatolera mawotchi akufa. Lero mundimve. Tili pa sukulu, mnyamata akavala wotchi tinkadziwa kuti bambo ake abwera ku Joni. Makolo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, mpaka boma linaletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Maulendo anayambanso mu 1977, n'kutheratu mu 1988. Pobwerera ankanyamula njinga, wailesi ndi wotchi.

Ya malemu bambo anga inali Seiko 5, yosafuna batire: imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono basi. Ndinaipereka kwa wokonza wina pa msika, ndipo anandibwezera chigoba chokha, makina enieni atachotsamo. Zinandiwawa kwambiri, ndiye ndinayamba kutolera. Pano ndili nawo 14.

Popeza nthawi tikuionera pa foni, mawotchiwa akutayidwa. Ngati kwanu ilipo, ngakhale yakufa, mubwere nayo chaka chamawa, pamodzi ndi dzina la mwini wake ndi mgodi umene ankagwirako ntchito. Sindikulandani ayi, ndingolemba m'buku.